Kachilembo kamodzi kumchira kwa jini, ndi alamu ofuna kusiya ma ARV

NaBanda: Madzulo abwino nonse. Pepani ndabwera ndi nkhani yolemera Lamulungu usiku, koma ndasowa pogwira. Alamu anga akhala akumwa ma ARV kwa zaka 6, ali bwinobwino, ananenepa mpaka malaya a paukwati sawakwananso. Sabata yathayi wina wawatumizira kavidiyo pa foni konena kuti asayansi anapeza jini yomwe imagonjetsa HIV payokha, ati ndi za microRNA zomwe anthu ena analandirira mphoto ya Nobel. Tsopano iwo akuti popeza viral load yawo sioneka chaka ndi chaka, ndiye kuti jiniyo ali nayo, mankhwala akungodzivutitsa nawo. Akufuna akayezetse ku Joni, akatsimikiza asiye. Achemwali anga akungolira. Muno muli anthu a zachipatala, tandiuzani, zimenezi zilipodi?

Anesi a ART: Mayi, musanawerenge china chilichonse muno, imbani foni muwauze asasiye. Viral load sikuoneka chifukwa cha mankhwala omwewo. Kachilombo sikanachoke m'thupi, kanangobisala. Munthu akasiya kumwa, kwa ambiri kamabwereranso m'magazi patangopita masabata ochepa. Ine ndawaona anthu otere. Amasowa miyezi 8, kabuku kawo kachipatala kali kachete, kenako amabwera atanyamulidwa pa kabaza, wina akuwagwirizira kumbuyo, m'kamwa muli mbuu zilonda. Ena anali atapemphereredwa, ena ananamizidwa ndi a zitsamba. Iyi ya jini ndiye ndaimva lero.

Wokayika: Bodza la pa intaneti basi. Mawa muona akugulitsa tiyi wa microRNA pa K25,000 botolo.

Dokotala Wamawa: kkkk Wokayika usawapatse nzeru. Koma microRNA ilipodi, tinaiphunzira chaka chachiwiri, ngakhale ine ndinangoloweza kuti ndikhoze mayeso. A Chiphaniphani ali kuti? Ndi munda wawo umenewu.

Chiphaniphani: Ndilipo, ndimatsuka mbale. A NaBanda pepani ndi zimenezi. Zomwe anena anesi ndi yankho lonse pa funso la mankhwala, ine sindiwonjezerapo kapena kuchotsapo. Koma a Wokayika, kunena kuti zonse ndi bodza sikungawabweze alamuwo, chifukwa akakafufuza apeza kuti kafukufukuyo anachitikadi, ndiye adzati ife ndife osadziwa. Kavidiyoko katenga nkhani yoona n'kuikokera komwe siifika. Ndiloleni ndiiyale pang'onopang'ono, ndilemba mautali, amene bandulo yawathera andikhululukire.

Jini ili ngati buku lalikulu lomwe silituluka mu ofesi. Selo ikafuna kupanga puloteni, imakopera tsamba lomwe ikufuna, kope limenelo ndi lomwe timati mRNA, ndipo ndi lomwe limapita kumakina opangira puloteni. Tsono kopelo lili ndi mchira, zilembo zotsalira kumapeto zomwe sizisanduka puloteni. Dzina lake ndi 3'UTR. Kale anthu sankaulabadira mchirawu. MicroRNA ndi ka RNA kakafupi kwambiri, zilembo ngati 22 zokha, komwe kamakamatirira pamchirapo. Kakamatirira, kopelo limawonongeka msanga kapena limawerengedwa mochepa, ndiye puloteni imatuluka yochepa.

Kawirikawiri sikazimitsa jini. Zili ngati pophika nsima moto ukakula, mumasololako nkhuni imodzi kapena ziwiri. Mphika ukuwirabe, koma mwaulamulira.

Aphunzitsi a Bayo: Fanizo la nkhunilo ndalitenga, mawa lilowa mu Fomu 4. Ana amandifunsa chaka chilichonse kuti ngati maselo onse ali ndi DNA yofanana, bwanji diso silifanana ndi chiwindi. Koma za Nobel zo zinali bwanji? Ndinangomva pa wailesi mothamanga.

Chiphaniphani: Anapatsidwa Victor Ambros ndi Gary Ruvkun, onse a ku America, mu Okutobala 2024. Ntchito yomwe analandirira mphoto inatuluka mu 1993, ndipo sinali ya HIV, sinalinso ya munthu. Ankafufuza kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, kotalika milimita imodzi. Panali nyongolotsi zina zomwe zinkakula mosokonekera, ndipo gulu la Ambros linapeza kuti jini yomwe inali ndi vuto, lin-4, siipanga puloteni ayi, imangotulutsa ka RNA kakang'ono. Gulu la Ruvkun linapeza kuti jini ina, lin-14, imachepetsedwa mphamvu kudzera kumchira kwake. Atayerekezera zilembo za mbali ziwirizi anaona kuti zikulumikizana. Kwa zaka 7 anthu ambiri ankati ndi zachilendo za nyongolotsi basi. Mu 2000 kunapezeka ina, let-7, ndipo imeneyi inapezekanso mwa ntchentche, nsomba ndi anthu. M'pamene dziko linadzidzimuka. Lero tikudziwa kuti munthu ali ndi majini a microRNA oposa 1,000, ndipo akuti majini opanga puloteni oposa theka amalamuliridwako mwa njira imeneyi.

Wokayika: Zaka 31 kudikira mphoto. Ine ndikanasiya n'kuyamba geni ya kaunjika.

NaBanda: Ndikutsatira ndithu. Nanga HIV ikulowa pati?

Chiphaniphani: Ndikubwera mayi, katsala kamodzi. Kuti microRNA imatirire, sizifunika zilembo zonse 22 zigwirizane. Zofunika kwambiri ndi za kumayambiriro, kuyambira chachiwiri kufika chachi 8, zomwe timati seed. Ganizani mabatani 7 ndi mabowo 7 a malaya. Bowo limodzi likasokedwa, malaya satsekeka bwino. Tsono anthufe timasiyana zilembo apa ndi apo mu DNA, aliyense amasiyana ndi mnzake m'malo mamiliyoni angapo. Kusiyanako kukagwera pamchira, pamalo pomwe microRNA imamatirira, pali zinthu ziwiri. Mwina malo omwe analipo awonongeka, ndiye puloteni ichuluka. Mwina pabadwa malo atsopano pomwe panalibe, ndiye puloteni ichepa. Puloteniyo ili bwinobwino, yasintha ndi kuchuluka kwake kokha.

Alangizi a Ziweto: Imani kaye pamenepo, apa ndiye pandikhudza. Si nkhani ya nkhosa za Texel imeneyi? Tinaiona pa zithunzi tili pasukulu, nkhosa yooneka ngati imanyamula zitsulo ku jimu, matako ngati a nkhumba.

Chiphaniphani: Bambo mwalasa. Ndi chitsanzo chomwe ine ndimachikonda kuposa zonse, chifukwa ndi choyera, chopanda mkangano. Texel ndi chilumba cha ku Netherlands komwe mtunduwo unachokera. Mu 2006 gulu la Michel Georges ku Liège, ku Belgium, linapeza chifukwa chake. Pali puloteni yotchedwa myostatin yomwe ntchito yake ndi kuletsa minofu kukula mopitirira. Mwa nkhosazi, chilembo chimodzi kumchira kwa jiniyo chinasintha, G anakhala A (DNA imalembedwa ndi zilembo 4: A, C, G ndi T). Kusinthako kunapanga malo atsopano omatirira ma microRNA otchedwa miR-1 ndi miR-206, zomwe ndi zochuluka m'minofu. Myostatin inachepa, minofu inakula.

Alangizi a Ziweto: Ndiye zikusiyana ndi ng'ombe za Belgian Blue eti? Zija jini ya myostatin inathyokeratu, n'chifukwa chake zimakula minofu mochititsa mantha mpaka zambiri kubereka kwake ndi kwa opaleshoni. Kuno itabwera ng'ombe yotere ingafe pobereka, ndani angaichite opaleshoni ku dibi?

Chiphaniphani: Ndi momwemo. Ng'ombezo moto woletsa uja anauthira madzi, nkhosazi anangousolola nkhuni.

Admin: Abale, mayi afunsa za alamu awo, inu mwalowa m'khola. Tibwerere.

Chiphaniphani: kkkk pepani a Admin. Nayi ya HIV.

Pafupifupi selo iliyonse m'thupi ili ndi mapuloteni pamwamba pake otchedwa HLA. Ali ngati benchi ya pamsika, selo imayalapo tizidutswa ta zonse zomwe zikupangidwa m'kati mwake. Asilikali a m'thupi, makamaka omwe timati CD8, amadutsa n'kumayang'ana pabenchipo. Akaona kachidutswa ka kachilombo amapha seloyo. Mabenchi akuluakulu alipo atatu, HLA-A, HLA-B ndi HLA-C.

Mu 2007 gulu lina linayeza DNA ya anthu osakwana 500 a mtundu wa ku Ulaya omwe anali ndi HIV koma asanayambe mankhwala, kufuna kudziwa chifukwa chomwe ena amakhala ndi tizilombo tochuluka m'magazi pomwe ena tochepa. Chimodzi mwa zomwe anapeza chinali chilembo china chomwe chili patali ndi jini ya HLA-C, zilembo 35,000 isanayambe. Palibe ankadziwa kuti chilembo chakutali chotero chikuchita chiyani. Mu 2011 gulu la Mary Carrington ku America linaonetsa kuti kumchira kwa HLA-C kuli malo omatirira miR-148a. Mitundu ina ya HLA-C malowo ali bwino, microRNA imamatirira, mabenchi pamwamba pa selo amakhala ochepa. Mitundu ina pali chilembo chimodzi chosowa, pa nambala 263 ya mchirawo, ndiye microRNA imalephera kugwira, mabenchi amachuluka. Mabenchi akachuluka asilikali amaona msanga, ndipo anthu otere, tikawatenga monga gulu, amakhala ndi viral load yotsikirapo ndipo matenda amachedwerapo kukula.

Ndikukhulupirira kuti kavidiyo ka alamu anu kachokera pamenepa. Koma taonani mawu ndagwiritsa ntchito: yotsikirapo, kuchedwerapo, monga gulu. Anthu onse m'kafukufukuyo anali ndi HIV. Chilembocho sichinawateteze kutenga kachilombo, sichinawachiritse. Ndipo si chinthu chosowa ngati golide, anthu ambirimbiri ali nacho, ndipo ambiri mwa iwo popanda mankhwala amadwala Edzi ndithu.

Dokotala Wamawa: Ndiwonjezere zomwe ndikukumbukira. Kachilombo nakonso si kopusa. Kali ndi puloteni yake, Nef, yomwe imagwetsa HLA-A ndi HLA-B pamwamba pa selo kuti asilikali asaone. Tinkaphunzitsidwa kuti HLA-C imaisiya.

Chiphaniphani: Nef imaisiyadi. Koma mu 2016 anapeza kuti puloteni ina ya kachilomboko, Vpu, imatsitsa HLA-C. Ndiye ngakhale ubadwe ndi mabenchi ambiri, kachilombo kena kamabwera n'kuwagubuduza. Konzani manotsi anu adokotala.

Ndipo pali mbali ina yomwe kavidiyo sikanganene. Mu 2013 gulu la Carrington lija linaonetsa kuti HLA-C yochuluka, yomwe imathandiza pa HIV, imakweza mpata wodwala Crohn, matenda otupitsa matumbo omwe chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwe. Asilikali atcheru kwambiri nthawi zina amawombera anthu a m'mudzi mwawo. Ndiye kunena kuti iyi ndi jini yabwino, iyi yoipa, ine ndimakana. Zimatengera mdani yemwe wabwera.

NaBanda: Koma iwo akunena kuti alipo anthu omwe samwa mankhwala koma kachilombo sikaoneka. Amenewo ndi ndani?

Anesi a ART: Alipo, koma ndi ochepa zedi, sakwana mmodzi pa anthu 100 omwe ali ndi kachilombo. Ndipo munthu amene wakhala pa mankhwala zaka 6 sangadzidziwe kuti ndi mmodzi wa iwo poyang'ana viral load, chifukwa aliyense womwa bwino viral load yake imakhala choncho. Ku kiliniki kwathu tsiku lolandira zotsatira mapepala ambiri amalembedwa chimodzimodzi, kuti sikakuoneka. Onsewo ali ndi jini yodabwitsa? Ayi, ali ndi botolo la mankhwala ndi alamu ya pa foni ya 8 koloko usiku. Kuno kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira CD4 kutsika, chifukwa zinaonetsedwa kuti kuyamba msanga kumapulumutsa ngakhale omwe akuoneka athanzi.

Dokotala Wamawa: Mwinanso asokoneza ndi CCR5 ija. Pali anthu obadwa opanda khomo lomwe mitundu yambiri ya HIV imalowera m'selo. Koma zimenezo ndi za kumpoto kwa Ulaya, komwekonso ndi ngati mmodzi pa 100, kuno ku Africa sizipezeka n'komwe tinganene. Ndipo si za microRNA.

Wokayika: Chabwino, ndavomera kuti si bodza lonse. Koma funso langa ndi ili a Chiphaniphani. Inu asayansi mumadziwa bwanji kuti kachilembo kamodzi ndi komwe kachititsa? Munthu ali ndi zosiyana mamiliyoni, mwanena nokha. Mukangotola chimodzi n'kuchinamizira, ife tidziwa bwanji?

Chiphaniphani: Funso limeneli ndi lomwe limandisowetsa tulo, ndipo yankho loona ndi lakuti kangapo konse tinanamizira chosalakwa.

Timayamba ndi kompyuta. Pali mapulogalamu monga TargetScan omwe amafufuza m'michira yonse kuti aone pomwe seed ingagwire. Aphunzitsi, tatiwerengerani: zilembo zilipo mitundu 4, tikufuna mndandanda wa zilembo 7 zenizeni. Mwangozi ungapezeke kamodzi pa zilembo zingati?

Aphunzitsi a Bayo: Ndine wa Bayo osati Masamu, koma 4 kuchulukitsa yokha ka 7 ndi 16,384.

Chiphaniphani: Eya. Tsono majini opanga puloteni alipo pafupifupi 20,000, ndipo tingoyerekeza kuti mchira uliwonse ndi zilembo 1,000, ambiri amaposa. Ndi zilembo 20 miliyoni. Ndiye microRNA iliyonse ipeza malo oposa 1,000 ongofanana mwangozi. Kompyuta ikakuuza kuti apa pagwira, sunapeze kanthu, wangopeza woganiziridwa.

Kenako timapita ku labu, ndipo apa m'pomwe dzina langali linachokera. Timatenga jini yomwe imawalitsa chiphaniphani, luciferase, n'kuilumikiza ndi mchira womwe tikuufufuza. Timaika m'maselo omwe tikuweta m'timbale ta pulasitiki, tina mchira wa chilembo ichi, tina wa chilembo icho, n'kuthiramo microRNA. Pakapita tsiku kapena awiri timaswa maselowo, kuthira mankhwala, n'kulowetsa m'makina oyeza kuwala. MicroRNA ikagwira, kuwala kumachepa. Ndi maso simungakuone, ndi manambala chabe pa sikirini. Chaka changa choyamba ndinathira timabowo 96 ndi dzanja mpaka chala chachikulu kuuma, n'kuzindikira mawa lake kuti mzere umodzi ndinauthira kawiri. Ndinalira m'chimbudzi, osanama.

Koma ngakhale kuwala kuchepe, m'mbalemo timathira microRNA yochuluka kuposa yomwe ili m'thupi. Kugwira m'mbale sikutanthauza kuti zimachitika m'chiwindi kapena mu ubongo wa munthu. Pamafunikanso kuonetsa kuti microRNA yo ndi jiniyo zimapezeka m'selo imodzi, nthawi imodzi. Pomaliza, anthu masauzande ambiri, odwala ndi osadwala, ndipo gulu lina losagwirizana nawe libwereze lipeze zomwezo. Nkhani zambiri zimafera pamenepa.

Wokayika: Tipatseni chitsanzo cha yomwe inafa. Ndimakonda maliro a mtundu umenewu.

Chiphaniphani: Ziwiri. Mu 2005 gulu la ku yunivesite ya Yale ku America linayeza anthu 174 odwala Tourette, matenda omwe munthu amagwedeza nkhope kapena kutulutsa mawu mosafuna. Mwa awiri anapeza chilembo chosintha kumchira kwa jini ya SLITRK1, pamalo a miR-189, chomwe sanachipeze mwa anthu ambiri osadwala omwe anawayeza. Inali nkhani yaikulu. Chaka chotsatira ena anaonetsa kuti chilembocho chimapezeka mochulukirapo mwa Ayuda a Ashkenazi, ndipo chilinso mwa anthu osadwala. Ndiye mwina chinkangosonyeza mtundu wa munthu, osati matenda. Mpaka lero nkhaniyi sinakhazikike.

Yachiwiri inandipweteka kwambiri. KRAS ndi jini yodziwika pa khansa, ndipo kumchira kwake kuli malo a let-7 ija ya nyongolotsi. Mu 2008 kunatuluka kuti chilembo china pamenepo chimakweza mpata wa khansa ya m'mapapo, mu 2010 anati ndi khansa ya m'thumba la mazira la amayi. Nkhani yake inali yokoma, yomveka, mpaka ku America anayamba kugulitsa kuyeza kwake kwa amayi. Mu 2011 kafukufuku wa amayi odwala oposa 8,000 sanapeze mgwirizano uliwonse. Mu 2016 wina wa amayi oposa 100,000, wa khansa imeneyi ndi ya m'mawere, sanapezenso kanthu. Ganizani mayi yemwe analipira ndalama, anauzidwa kuti ali pachiopsezo, n'kumagona ndi mantha.

Anesi a ART: N'zomwe ndikuopa ndi ulendo wa ku Joniwo. Ndalama ya basi, ya malo ogona, ya kuyeza, kenako pepala lomwe palibe dokotala angasinthire nalo mankhwala.

Chiphaniphani: Zoona anesi. Palibe malangizo a chipatala kulikonse omwe amati yezani mchira wa HLA-C kuti muone ngati munthu asiye ma ARV. Zotsatira zituluke mwanjira iliyonse, yankho ndi limodzi.

Aphunzitsi a Bayo: Ndiye pa anthu palibe yomwe inagwira zenizeni ngati ya nkhosa ija? Ndisakauze ana zinthu zomwe zidzagwe.

Chiphaniphani: Zilipo, ndipo zolimba kwambiri ndi zomwe chilembo chasintha mu microRNA mwenimweniyo, pa seed. Pamenepo malo mazana ambiri amasokonekera nthawi imodzi. Mu 2009 ku Spain anapeza mabanja awiri omwe anthu amagontha pang'onopang'ono m'badwo ndi m'badwo, vuto lili pa seed ya miR-96, yomwe imagwira ntchito m'maselo a m'kati mwa khutu. Nthawi yomweyo ku Britain anapeza mbewa zogontha zokhala ndi vuto pa seed yomweyo. Banja ndi mbewa zikanena chimodzi, ine ndimakhulupirira. Palinso miR-184 pa matenda a maso, ndi jini ya DICER1, yomwe imapanga lumo lodulira ma microRNA, ikawonongeka ana amadwala khansa zina zosowa, monga ya m'mapapo.

Za pamchirazi nthawi zambiri mphamvu yake ndi yaing'ono, chifukwa wasintha ndi malo amodzi pa jini imodzi, ndipo mchira womwewo umakhala ndi malo ena ambiri. Ya HLA-C ndimaiyika m'gulu la zolimba. Ina yomwe ana anu angaikonde ndi ya IRGM pa Crohn, ya 2011: chilembo chili m'kati mwenimweni mwa jini, sichisintha puloteni n'komwe, mabuku akale akanati ndi chopanda ntchito, koma chimasokoneza malo a miR-196.

Dokotala Wamawa: Nanga ija ya BP? Ndinaona penapake za jini ya AGTR1 ndi miR-155.

Chiphaniphani: Ya 2007 imeneyo. Mu labu inaoneka bwino, koma pa anthu zotsatira zimasiyanasiyana dziko ndi dziko, ndipo chilembo chomwe amachinenacho ndi chosowa mwa anthu akuda poyerekeza ndi azungu. BP ya agogo anu musaifunefune pamenepo, yang'anani kaye mchere wa mu ndiwo.

Wokayika: Mwabwereza kangapo, azungu, a ku Ulaya, a ku Spain. Ife tili pati m'mabuku amenewa?

Chiphaniphani: Tili kumapeto, ndipo zimandinyansa. Pomwe anawerengera cha mu 2019, mwa anthu onse omwe analowa m'kafukufuku wamkulu woyerekeza DNA ndi matenda, pafupifupi 78 pa 100 anali a mtundu wa ku Ulaya, a ku Africa ngati 2 pa 100. Chonsecho anthu a ku Africa ndi omwe timasiyana zilembo kwambiri kuposa ena onse, chifukwa anthu anayambira kuno, omwe anapita kwina anangotengako gawo. Mu 2020 a H3Africa, gulu la asayansi ofufuza DNA ya anthu a ku Africa, anawerenga DNA yonse ya anthu 426 okha ochokera m'mitundu 50, n'kupeza zosiyana zoposa 3 miliyoni zomwe zinali zisanalembedwepo.

Ndipo si nkhani ya manambala chabe. Chilembo chakutali chija cha 2007 chinali ngati chikwangwani chongoloza, mwa azungu chimayendera limodzi ndi mitundu ya HLA-C yochuluka. Mwa anthu akuda a ku America sichinkalozanso bwino, chifukwa kwa ife zilembo zoyandikana sizimangana mofanana ndi kwa iwo. Atayeza kuchuluka kwa HLA-C kwenikweniko m'pamene anaona kuti phindu lija lilipo m'magulu onse awiri. Ndiye ukatenga chikwangwani cha ku Ulaya n'kukachizika ku Mzimba, chikusocheretsa.

Akafufuza mwa ife amapeza zathu. Ku Durban mu 2004 gulu la Philip Goulder linaonetsa kuti HLA-B ndi yomwe ili ndi mphamvu zambiri pa viral load, ndipo mitundu iwiri yoyandikana kwambiri, B*58:01 ndi B*58:02, woyamba umathandiza, wachiwiri umapweteketsa. Mu 2023 kafukufuku wa anthu pafupifupi 4,000 a mtundu wa ku Africa anapeza malo ena pafupi ndi jini ya CHD1L otsitsa viral load, omwe mwa azungu sakanapezeka. Izi si za microRNA, koma zikusonyeza zomwe zikutidikira m'michiramo ngati wina atayang'ana.

Alangizi a Ziweto: N'chimodzimodzi ndi mbuzi zathu. Mabuku onse ndi a Boer ndi Saanen, ya kumudzi yomwe imapirira chilala ndi nkhupakupa palibe anaiwerenga bwino.

Admin: Bambo mwabwereranso m'khola kkkk.

Dokotala Wamawa: Funso lomaliza kwa ine. Ngati miR-148a ndi yomwe imachepetsa HLA-C, bwanji osapanga jakisoni woitsekereza, aliyense akhale ndi mabenchi ambiri?

Chiphaniphani: Chifukwa miR-148a siigwira HLA-C yokha, ili ndi michira ina yambirimbiri, m'chiwindi ndi kwina. Ukaitseka wasuntha zonsezo. Anthu ayesapo ndi zina. Kachilombo ka hepatitis C kamadalira miR-122 ya m'chiwindi, ndipo mankhwala oitsekereza, miravirsen, anatsitsadi kachilombo mwa odwala, koma anapitiriridwa ndi mapiritsi omwe amachiza m'masabata 12. Wina wa khansa, MRX34, wotsanzira miR-34, anaimitsidwa mu 2016 chitetezo cha m'thupi chitaukira odwala ena mpaka kumwalira. Piritsi limodzi patsiku lomwe alamuwo akumwa likuchita zomwe chilembo 263 sichingayandikire n'komwe.

NaBanda: Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndakopera zonse ndatumiza kwa achemwali, ati amawawerengera mokweza pakhonde. Poyamba ati anakwiya kuti nkhani yawo ndaitengera ku gulu, ndawauza kuti sindinatchule dzina. Pa za Crohn paja anakhala chete. Afunsa kuti botolo lawo latsala ndi mapiritsi 9, tsiku lawo ndi Lachiwiri la mawa lino, apite ndi kavidiyoko akawaonetse anesi?

Anesi a ART: Apite nako, ndipo anene poyera kuti anaganiza zosiya, palibe akawakalipire. Ngati pali masiku omwe anadumphitsa anenenso, kuti aone ngati pakufunika kutenganso viral load. Achemwali anuwo apite nawo limodzi.

NaBanda: Ati adumphitsa masiku awiri okha, Lachisanu ndi dzulo. Amwa usiku uno achemwali akuona. Koma a Alangizi, ati ndikufunseni ngati nkhosa za Texel zo zingapirire kutentha kwa ku Salima, ali ndi kamalo kumeneko.

Alangizi a Ziweto: Auzeni ayambe abwera ku kiliniki Lachiwiri, za nkhosa tidzakambe Lachitatu. Koma ubweya umenewo ku Salima ayi, aganize za Dorper.